Malikisi akwera, koma akwera kwa ana ati? Kumvetsa zotsatira za mayeso m'sukulu za boma za m'mizinda ya ku America

Zotsatira za mayeso a ana a sukulu zikatuluka ku America, nyuzipepala kawirikawiri zimalemba mitu iwiri yooneka ngati ikutsutsana. Wina umati sukulu za boma za m'mizinda ikuluikulu monga Chicago, Miami ndi Washington zapita patsogolo kwambiri pa zaka 20 zapitazi, pamene wina umati mwana wakuda, kapena wobadwira m'banja losauka, akadali kumbuyo kwenikweni poyerekeza ndi mnzake wachizungu kapena wa m'banja lopeza bwino. Wowerenga amatsala akudzifunsa kuti wonama ndi ndani. Nthawi zambiri sipakhala wonama, chifukwa kukwera kwa malikisi ndi kuchepa kwa mpata wa pakati pa magulu a ana ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chimodzi chimatha kuchitika chinzake osachitika. Kuti munthu amve zimene manambalawa akunena, ayenera kudziwa kaye mayeso amene akukambidwa, chimene chikuyezedwa, ndiponso ana amene aikidwa m'gulu lililonse.

Mayeso ake ndi ati

Ku America kulibe mayeso a dziko lonse opereka satifiketi ngati amene bungwe la MANEB limalembetsa ku Malawi. Maphunziro ali m'manja mwa zigawo 50 za dzikolo, ndipo pansi pa zigawozo pali madera a sukulu pafupifupi 13,000, lililonse lokhala ndi akuluakulu ake ndi bajeti yake. Mzinda waukulu nthawi zambiri umakhala dera limodzi lotere. Choncho wina akanena kuti malikisi akwera, akhoza kukhala akunena za mtundu umodzi mwa mitundu iwiri ya mayeso.

Mtundu woyamba ndi mayeso amene chigawo chilichonse chimakonza pachokha. Anakhala okakamiza mu 2002, pamene pulezidenti George W. Bush anasaina lamulo lotchedwa No Child Left Behind. Lamuloli linkafuna kuti ana onse a m'sukulu za boma azilemba mayeso a masamu ndi kuwerenga chaka chilichonse kuyambira giredi 3 mpaka giredi 8, komanso kamodzi ku sekondale, ndipo chachilendo kwambiri chinali chakuti sukulu iliyonse inkayenera kulengeza zotsatira gulu ndi gulu: ana akuda paokha, achizungu paokha, a Chihispaniki, kutanthauza a mabanja ochokera ku Latin America, paokha, osauka paokha, olumala paokha. Sukulu sinkathanso kubisa kulephera kwa gulu limodzi pansi pa avereji yabwino ya ana onse. Lamuloli linaikanso cholinga chakuti pofika 2014 mwana aliyense akhale atafika pa mlingo wokhoza, koma linasiyira chigawo chilichonse ufulu wosankha kuti kukhozako kuyambira pati, moti mwana wotchedwa wokhoza m'chigawo china akanatha kulephera m'chigawo choyandikana nacho. Cholinga cha 2014 sichinakwaniritsidwe, ndipo mu December 2015 pulezidenti Barack Obama anasaina lamulo lina, Every Student Succeeds Act, lomwe linasunga mayeso a chaka ndi chaka koma linabwezera zigawo mphamvu zosankha chochita ndi sukulu zolephera.

Mtundu wachiwiri ndi mayeso a dziko lonse otchedwa NAEP (National Assessment of Educational Progress), omwe anayamba mu 1969 ndipo amayendetsedwa ndi ofesi ya ziwerengero ya unduna wa maphunziro. Awa salembedwa ndi mwana aliyense. Pamasankhidwa ana ochepa oimira anzawo onse, aliyense amalemba gawo chabe la mafunso, ndipo palibe mwana, mphunzitsi kapena sukulu imene imalandira zotsatira zakezake. Amafanana ndi kafukufuku wa SACMEQ amene Malawi, Zambia ndi mayiko ena a kuno kum'mwera akhala akuchita pa ana a Sitandade 6. Masamu ndi kuwerenga zimayesedwa pa giredi 4 ndi giredi 8 pafupifupi zaka ziwiri zilizonse, pa sikelo yoyambira 0 kulekeza 500. Popeza palibe amene angachotsedwe ntchito kapena kulandira mphoto chifukwa cha mayesowa, ofufuza amawakhulupirira kuposa a zigawo.

Kwa zaka zambiri NAEP inkangonena za dziko lonse ndi zigawo. Mu 2002, bungwe la atsogoleri a sukulu za m'mizinda lotchedwa Council of the Great City Schools litapempha, anayamba kulengezanso zotsatira za mizinda payokha, kuyambira ndi 6: Atlanta, Chicago, Houston, Los Angeles, New York ndi Washington. Pofika 2022 madera a m'mizinda otenga nawo mbali anali 26. Zambiri zimene timadziwa motsimikiza za kupita patsogolo kwa sukulu za m'mizinda zimachokera kumeneku. Mwachitsanzo, pa masamu a giredi 4, mizinda ikuluikulu inali pansi pa avereji ya sukulu za boma za dziko lonse ndi mapointi pafupifupi 10 mu 2003, koma pofika 2019 mpatawo unali utatsika kufika pa mapointi pafupifupi 5. Mizindayinso si yofanana: Miami imakhoza bwino ngakhale ana ake ambiri ndi a Chihispaniki ndiponso osauka, pamene Detroit yakhala ili pansi penipeni chiyambire kulowa nawo mu 2009.

Pamene mwana ali ndi mtunda umene wayenda

Apa ndi pamene owerenga ambiri amasokonezeka, ndipo n'zoyenera kukhalapo pang'ono. Nambala imodzi imatiuza pamene ana afika lero. Nambala ina imatiuza kuchuluka kwa zimene aphunzira kuchokera pamene anayesedwa komaliza. Mayi aliyense amene anapitapo ndi mwana kusikelo amadziwa kusiyana kwake: namwino sangoyang'ana makilogalamu a tsiku limenelo, koma amayang'ana mzere wa pa khadi, chifukwa mwana wobadwa wochepa thupi amene mzere wake ukukwera mwezi ndi mwezi akusamalidwa bwino, pamene wobadwa wonenepa amene mzere wake wagona akufunika kumuona kawiri.

Lamulo la 2002 linkayang'ana kwambiri nambala yoyambayo, ndiko kuti ana angati pa 100 alionse adutsa mzere wokhoza. Vuto lake ndi lakuti mwana wa m'banja losauka amayamba sukulu ali kale kumbuyo, asanakumane n'komwe ndi mphunzitsi, moti sukulu imene yalandira ana otere ikhoza kuphunzitsa mwakhama n'kumaonekabe yolephera, pamene sukulu ya kudera la anthu olemera ikhoza kugona tulo n'kumatamandidwabe. Kuwerenga odutsa mzere kunabweretsanso chizolowezi china choipa: aphunzitsi ena ankaika mphamvu zawo pa ana amene atsala pang'ono kudutsa, n'kusiya amene ali kutali kwambiri, popeza mwana wokwera kuchoka pansi penipeni koma osafika pa mzere sankasintha chilichonse pa lipoti la sukulu.

Chitsanzo chodziwika cha kusiyanaku ndi Chicago. Mu 2017, Sean Reardon wa ku yunivesite ya Stanford anasonyeza kuti pakati pa 2009 ndi 2014 ana a m'sukulu za boma za mumzindawu, pochoka giredi 3 kufika giredi 8, ankaphunzira zinthu za zaka 6 m'zaka 5 zokha, liwiro loposa la madera 96 pa 100 alionse m'dziko lonse. Komabe ana omwewo anali akadali pansi pa avereji ya dziko, chifukwa anayambira kutali. Kupita patsogoloku kunaoneka pa ana akuda, a Chihispaniki ndi achizungu omwe, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani ya mitu iwiri ija: magulu onse akakwera pamodzi pa liwiro lofanana, aliyense wapindula, koma mtunda wa pakati pawo umatsala mmene unalili.

Mpata wa pakati pa mitundu

Mpata umenewu ndi kusiyana kwa avereji ya gulu lina ndi ya gulu linzake, ndipo mu 2019 pa masamu a giredi 8 unali mapointi opitirira pang'ono 30 pakati pa ana achizungu ndi ana akuda. Ena amati mapointi 10 ali ngati chaka chimodzi cha maphunziro, ngakhale kuwerengera kumeneku n'kongoyerekeza ndipo akatswiri sagwirizana nako onse. Tisaiwale kuti avereji siuza munthu za mwana mmodzi. M'gulu lililonse muli okhoza kwambiri ndi olephera kwambiri.

Mbiri yake ndi yaitali. Mu 1896 Khoti Lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Plessy, linavomereza kuti anthu akuda ndi azungu azilekanitsidwa bola zinthu zawo zikhale zofanana, koma sukulu za akuda sizinafananepo ndi za azungu. Mu 1954, pa mlandu wa Brown, khoti lomwelo linagamula kuti tsankho la m'sukulu n'losaloledwa. Mu 1965 pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo lopereka ndalama zoonjezera ku sukulu za ana osauka, ndipo chaka chotsatira katswiri James Coleman anatulutsa kafukufuku wa ana pafupifupi 600,000 yemwe anadabwitsa ambiri, chifukwa anapeza kuti banja limene mwana akuchokera ndiponso anzake amene akuphunzira nawo zinkakhudza malikisi ake kuposa nyumba za sukulu ndi zipangizo.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mpatawu unachepa kwambiri. Pa mtundu wina wa mayeso a NAEP, woyesa kuwerenga kwa achinyamata a zaka 17, unatsika ndi pafupifupi theka pakati pa 1971 ndi 2012, ndipo kutsika kwakukulu kunachitika chaka cha 1990 chisanafike. Kenako zinthu zinayamba kuyenda pang'onopang'ono. Ofufuza amatchula zifukwa zingapo za kuchepa koyambako, monga kusakanikirana kwa ana m'sukulu za kum'mwera kwa dzikolo, kukwera kwa maphunziro a makolo akuda ndi kuchepa kwa chiwerengero cha ana m'kalasi, koma sanagwirizane kuti chachikulu ndi chiti.

Zigamulo zina ziwiri zimafotokoza chifukwa chake nkhaniyi lero ili ya m'mizinda. Mu 1973, pa mlandu wa ku San Antonio, khoti linanena kuti malamulo aakulu a dzikolo saletsa kuti sukulu zizidalira msonkho wa nyumba ndi malo wa m'dera lawo, ngakhale zimenezi zimapatsa madera olemera ndalama zambiri. Mu 1974, pa mlandu wa ku Detroit, linanena kuti madera a kunja kwa mzinda sangakakamizidwe kusakaniza ana awo ndi a mumzinda pokhapokha zitatsimikizika kuti nawonso anachita tsankho. Mabanja achizungu ambiri anali atasamukira kale kunja kwa mizinda, choncho malire a dera la sukulu anayamba kugwira ntchito imene lamulo la tsankho linkagwira kale.

Wosauka ndi ndani pa pepala

Sukulu sizifunsa makolo malipiro awo mwachindunji. Kwa zaka zambiri muyezo wa umphawi unali chakudya cha masana: mwana amene banja lake limapeza ndalama zosapitirira 130 peresenti ya mlingo wa umphawi wa boma amadya ulere, ndipo wosapitirira 185 peresenti amalipira zochepa. Onsewa ankaikidwa m'gulu limodzi la osauka. Muyezowu ndi wosakwanira, chifukwa umaika pamodzi mwana wosowa pogona ndi mwana amene makolo ake onse awiri ali pa ntchito ya malipiro ochepa, ndipo kumbali inayo umaika pamodzi mwana wa woyendetsa basi ndi mwana wa dokotala. Unasokonekeranso kuyambira chaka cha sukulu cha 2014, pamene sukulu zokhala ndi osauka ambiri m'dziko lonse zinaloledwa kudyetsa ana onse ulere popanda makolo kulemba mafomu. M'mizinda ina ana osasauka kwenikweni analowa m'gululo, ndipo zikatero avereji ya "osauka" imatha kukwera popanda mwana aliyense kuphunzira china chatsopano.

Pa funso lakuti mpata wa pakati pa olemera ndi osauka ukukula kapena ayi, akatswiri otchuka anagawanika. Reardon analemba mu 2011 kuti kusiyana kwa ana a mabanja olemera kwambiri ndi osauka kwambiri kunali kwakukulu ndi 30 mpaka 40 peresenti pa ana obadwa mu 2001 kuposa pa obadwa zaka 25 m'mbuyomo, ndipo kuti tsopano kunali kutaposa mpata wa akuda ndi azungu. Mu 2019 Eric Hanushek, Paul Peterson ndi anzawo, pogwiritsa ntchito mayeso ena ndi muyezo wina wa chuma cha banja, anapeza kuti mpatawo sunasinthe kwenikweni kwa zaka pafupifupi 50. Onsewa ndi ofufuza osamala, ndipo kusiyana kwawo kukuchokera pa mmene anayezera chuma.

Mtundu ndi chuma n'zovuta kuzilekanitsa, popeza mwana wakuda ali pa chiopsezo choposa kawiri chokulira mu umphawi poyerekeza ndi wachizungu. Kafukufuku wina wa gulu la ku Stanford anapeza kuti kulekana kwa mitundu m'sukulu kumapweteka makamaka chifukwa kumaunjika ana akuda ndi a Chihispaniki m'sukulu zimene pafupifupi aliyense ndi wosauka.

Ana akasintha, avereji imasinthanso

Tiyerekeze mzinda umene uli ndi ana 90 osauka opeza mapointi 200 ndi ana 10 olemera opeza 260. Avereji yake ndi 206. Patapita zaka, mabanja olemera asamukiramo, ndipo tsopano osauka ndi 70, olemera 30. Palibe gulu limene lasintha malikisi, koma avereji yafika pa 218. Zimachitikanso mobwerera: gulu lililonse likhoza kukwera koma avereji ya onse n'kungoima, ngati gulu loyambira pansi ndi limene likuchulukana. Izi ndi zimene zinaoneka pa achinyamata a zaka 17, omwe avereji yawo ya dziko lonse sinasunthe kwenikweni kwa zaka 40 ngakhale akuda ndi a Chihispaniki anakwera kwambiri. Kumbukirani kuti cha m'ma 2014 ana achizungu anasiya kukhala oposa theka m'sukulu za boma za dzikolo.

Washington ndi mzinda umene mkangano umenewu umatentha kwambiri. Malikisi ake a NAEP anakwera mofulumira kuposa mizinda yambiri kuyambira m'zaka za m'ma 2000, nthawi imene Michelle Rhee anatsogolera sukulu za kumeneko kuyambira 2007 mpaka 2010 n'kuyambitsa njira yokhwima yoyezera ntchito ya aphunzitsi. Koma pa nthawi yomweyo mabanja ambiri ophunzira kwambiri ndi opeza bwino anasamukira mumzindawo. Ana akuda ndi a Chihispaniki anakweradi, zomwe zikusonyeza kuti kusamuka kwa anthu sikufotokoza zonse, koma mpata wa akuda ndi azungu kumeneko, womwe nthawi zambiri umapitirira mapointi 50, ndi umodzi mwa ikuluikulu m'dziko lonse.

Malikisi okwera popanda kuphunzira

Ntchito ya munthu ikamangiriridwa pa nambala, nambalayo imayamba kupotozedwa. Njira yofala ndi yosaphwanya lamulo: kulowezetsa ana mafunso ofanana ndi a mayeso a chigawo ndi kuchepetsa nthawi ya maphunziro osayesedwa, monga mbiri ndi nyimbo. Chizindikiro chake ndi malikisi a chigawo okwera msanga pamene a NAEP aima.

Ku Atlanta zinafika pobera mayeso. Nyuzipepala ya mumzindawo itaona kuti malikisi a sukulu zina akwera mosatheka, boma la chigawo cha Georgia linafufuza, ndipo lipoti la mu 2011 linatchula aphunzitsi ndi aphunzitsi aakulu 178 m'sukulu 44, ena mwa iwo ankasonkhana n'kumafufuta mayankho olakwa a ana ndi kulembapo olondola. Mkulu wa sukulu za mumzindawo, Beverly Hall, yemwe mu 2009 analandira mphoto ya mkulu wa sukulu wopambana m'dziko lonse, anaimbidwa mlandu mu 2013 koma anamwalira mu 2015 asanaweruzidwe, ndipo mu April chaka chomwecho anthu 11 anapezeka olakwa. Amene anavutika kwambiri ndi ana, ambiri a iwo akuda ndi osauka, amene anamanidwa thandizo loonjezera chifukwa pa pepala ankaoneka kuti akhoza.

Mafunso amene akadali opanda yankho

Loyamba ndi lakuti kumene malikisi anakweradi, chinawakweza n'chiyani. Ku New Orleans, mphepo ya mkuntho ya Katrina itawononga mzindawo mu 2005, pafupifupi sukulu zonse zinaperekedwa kwa mabungwe oziyendetsa ndi ndalama za boma, ndipo ofufuza a ku yunivesite ya Tulane anapeza kuti malikisi anakwera. Koma ndalama zogwiritsidwa ntchito pa mwana aliyense zinakweranso, ndipo aphunzitsi masauzande, ambiri akuda, anachotsedwa ntchito. Ku Boston, kumene ana amalowa sukulu zamtunduwu mwa maere, opata malo anakhoza kuposa amene maere sanawagwere, pamene m'madera ena sukulu zoterezi sizinasonyeze phindu lililonse. Kafukufuku wa Kirabo Jackson ndi anzake anasonyeza kuti ndalama zoonjezera zimathandiza ana osauka kukhalitsa pa sukulu ndi kudzapeza malipiro abwino, koma funso la zimene ndalamazo ziyenera kugula likadali pa mkangano. Ku Houston, kumene boma la chigawo cha Texas linalanda utsogoleri wa sukulu mu 2023, ogwirizana ndi kulandako ndi otsutsana nako akuwerenga zotsatira zomwezo mosiyana.

Lachiwiri likukhudza ana a pansi penipeni. Mliri wa Covid-19 unagwetsa malikisi kwambiri: pakati pa 2019 ndi 2022 masamu anatsika ndi mapointi 8 pa giredi 8 ndi 5 pa giredi 4, ndipo zotsatira za 2024 zinasonyeza kuwerenga kutatsikanso ndi mapointi 2 m'magiredi onse awiri, mwana mmodzi pa atatu alionse a giredi 8 ali pansi pa mlingo wotsikitsitsa. Komabe ana olephera kwambiri anali atayamba kale kutsika cha m'ma 2013, mliri usanabwere, pamene okhoza kwambiri ankaima kapena kukwera, ndipo kusiyana kumeneku kukuoneka m'kati mwa mtundu uliwonse. Ena amaloza mafoni, ena kufewetsedwa kwa malamulo a 2002, ena zotsatira za mavuto a zachuma a 2008, koma palibe amene watsimikizira.

Boma la dziko lonse linapereka madola pafupifupi 190 biliyoni othandiza sukulu pa nthawi ya mliri, ndipo nthawi yokonzera ntchito za ndalama zomaliza inatha mu September 2024. Sizikudziwika ngati mizinda idzapitirize maphunziro oonjezera amene ndalamazo zinkalipira, makamaka pamene chiwerengero cha ana m'sukulu zambiri za m'mizinda chikutsika, ndipo kujomba kwa ana, komwe kunakwera pafupifupi kawiri pa nthawi ya mliri, sikunabwerere pamene kunali. Palinso funso la muyezo weniweniwo: mu 2025 antchito ambiri a ofesi ya ziwerengero imene imayendetsa NAEP anachotsedwa ntchito, ndipo ofufuza akuyembekezera kuona ngati mayesowa adzapitirire kuchitika mokwanira moti zotsatira za mzinda ndi mzinda, gulu ndi gulu, zizitha kuyerekezedwabe ndi za zaka za m'mbuyo.